Makatuni a sayansi ku pulaimale: mmene ntchito ikuyendera teremu ino

Kumayambiriro kwa teremu

Anzanga amene mwakhala mukufunsa za ntchito ya makatuni ija, ndaganiza zomalemba mmene zikuyendera kuti muzitsatira komanso muzitiuza maganizo anu. Tikupanga timavidiyo ta makatuni tatifupi ta sayansi ta ana a sitandade 5 ndi 6. Tilipo ochepa, ine ndimalemba nkhani ndi mafunso, mnzathu wina amajambula, wina amaona za mawu, nde pali aphunzitsi amene atilola kumalowa mkalasi mwawo. Mitu tasankha inayi, kayendedwe ka madzi kuchoka pansi kupita mmitambo nkubwereranso, maonekedwe a mwezi, magetsi, ndi chakudya cha zomera.

Zoti ana amakonda makatuni aliyense akudziwa, mukangoyatsa sikirini kalasi yonse imati zii olo mukuonetsa zinthu zosakhudzana ndi phunziro. Chomwe chikutisowetsa tulo ife nchoti chidwi chimenecho chikabwera chimathera pati, chimakakamira pa katuni pompo kapena chimawolokera ku chinthu chenichenicho, mwana nkuyamba kuyang'ana mitambo kapena mwezi ndi maso ena atachoka pa sikirini. Suzanne Hidi ndi Ann Renninger mu 2006 anafotokoza kuti chidwi chimakula mmasitepe anayi. Choyamba china chake chimakudzidzimutsa nkukukopa kwa kanthawi, kenako chidwicho chimagwira ndithu chifukwa pali zochita ndi anthu okuthandiza, kenako mwana amayamba kubwererako yekha, mpaka pomaliza chimakhala chake chake. Katuni imatha sitepe yoyambayo mosavuta. Ntchito yathu ili pa yachiwiri.

Tinalimba mtima titawerenga za kafukufuku wa ku Israel wa Miri Barak ndi anzake wa mu 2011, anatsatira ana oposa 1,300 a giredi 4 ndi 5, ena amaphunzira ndi makatuni a BrainPOP, kampani yopanga makatuni a maphunziro, pamodzi ndi ntchito zina za mkalasi, ena ndi mabuku ndi zithunzi basi, ndipo a makatuniwo anaonetsa chidwi chambiri pa sayansi komanso amafotokoza bwino zomwe aphunzira. Koma tikukumbukiranso chenjezo la Barbara Tversky ndi anzake la mu 2002, iwo ataunika makafukufuku ambiri anapeza kuti nthawi zambiri katuni ikaoneka ngati yaposa chithunzi chokhazikika, zimakhala kuti mkatunimo munali mfundo zambiri zomwe pachithunzipo panalibe. Nde kusuntha kokha kwa zithunzi sikuphunzitsa munthu.

Poyeza chidwi sitikudalira kufunsa kuti "mwasangalala?" chifukwa ana amayankha eee onse pamodzi. Taika bokosi kumbuyo kwa kalasi, mwana aliyense atha kuponyamo kapepala ka funso nthawi ina iliyonse osalemba dzina. Timatsegula kumapeto kwa sabata nkugawa milu iwiri, mafunso ofunsa za katuni ndi mafunso ofunsa za chinthu chenichenicho.

Vidiyo ya madzi yaonetsedwa

Inayenda bwino kumbali ya chisangalalo, ana anaseka, anaomba mmanja, anapempha kuti tibwereze. Nkhani yake ndi ya kadontho ka madzi kokhala ndi maso ndi kamwa kamene kamachoka mnyanja kupita kumwamba. Titatsegula bokosi, mulu wa katuni unali waukulu kwambiri. Kadontho kaja dzina lake ndani, kali ndi amayi ake kodi, kadzabweranso liti. Madamu atafunsa mawa lake kuti nchifukwa chani madzi amakwera kumwamba, mtsikana wina amvekere "chifukwa kadontho kanatopa kukhala mnyanja, kamafuna kukaona kumwamba." Anayankha zomwe anaona ndendende, mwana ameneyu anatchera khutu kuposa anzake ambiri, kungoti zomwe zinamukhala mmutu ndi nkhani ya kadontho osati kutentha kwa dzuwa.

Zimenezi zinalembedwapo kale. Shannon Harp ndi Richard Mayer mu 1998 anapatsa ophunzira aku koleji phunziro la mmene mphezi imapangikira, ena anawaonjezera tinkhani ndi zithunzi zokoka mtima za anthu oombedwa ndi mphezi, ndipo amenewo anakumbukira zochepa za masitepe enieni a mphezi kusiyana ndi amene anangopatsidwa phunziro lopanda zokometsera. Ngati zinachitikira akuluakulu aku koleji ndiye kuli bwanji mwana wa zaka 10.

Tinakambirana nthawi yaitali ndi mnzathu wojambula, iye akuti tikachotsa nkhope ana satsatira, ndipo ali ndi mfundo, katuni yopanda munthu woti umukonde imauma. Tagwirizana chonchi: padzikhala kamwana ka katuni kamene kazifunsa mafunso ndi kudabwa, kameneko kakhale ndi nkhope ndi nthabwala zake, koma madzi, dzuwa ndi mitambo zisakhale ndi maso kapena zofuna. Madzi safuna kalikonse. Amatenthedwa, tizigawo take tina timapeza mphamvu zokwanira nkuchoka pamwamba pa madziwo kulowa mumpweya.

Chinanso chomwe tasintha ndi kajambulidwe ka nthunzi. Pafupifupi katuni iliyonse imajambula timizere toyera tokhotakhota tikukwera kuchoka pa nyanja, nde ana amaganiza kuti madzi akamauma uyenera kuona utsi woyera, ndipo ena amaganiza kuti madzi amasanduka nthunzi pokhapokha awire pa madigiri 100. Chonsecho nthunzi yeniyeni sioneka ndi maso, zoyera zomwe timaona pa madzi owira ndi timadontho tomwe tayamba kale kuzizira, ndipo mtambo nawonso ndi timadontho ta madzi kapena ta ayezi. Panopa katuni ikufika poti kamwana kaja kakuti "sindikuona kalikonse kakukwera," kenako chithunzi chimayandikira kwambiri mpaka kuonetsa tizigawo ta madzi tikuchoka kamodzikamodzi. Apa mpomwe katuni ili ndi ntchito yeniyeni, kuonetsa zomwe diso silingaone.

Itatha vidiyo yokonzedwayi madamu anabweretsa botolo la madzi ozizira kwambiri nkuliika patebulo, patapita kanthawi kunja kwake kunachita madontho. Anafunsa kuti madziwa achokera kuti, ambiri anati botolo likudontha. Nde anatenga botolo lina lomwe madzi ake anathiramo utoto wofiira, lozizira chimodzimodzi, mwana mmodzi anapukuta kunja kwake ndi kansalu koyera, kansaluko kananyowa koma sikanafiire. Mkalasi munabuka mkangano wokoma zedi, mpaka mnyamata wina wakumbuyo anati ndekuti madziwo anali mumpweya ngati tizigawo tija ta mu vidiyo. Sabata imeneyo bokosi munali mafunso ngati akuti nchifukwa chani udzu umanyowa mmawa mvula isanagwe, ndi lakuti ngati mumpweya muli madzi bwanji sititsamwa popuma. Ndinawerenga limeneli kangapo, ndi funso la munthu amene watenga nkhaniyo kupita nayo kunja.

Za utali, mawu ndi zojambula

Mwachangu chabe kwa amene mukufuna kuyesa. Tikujambula zithunzi 12 pa sekondi, ndekuti mphindi imodzi ndi zithunzi 720, nchifukwa chake mbali zomwe sizikufunika kusuntha tikumazisiya zili phee. Mapulogalamu tikugwiritsa aulere, Pencil2D pojambula ndi Audacity pokonza mawu. Mavidiyo tikuwasunga pafupi mphindi zitatu. Philip Guo ndi anzake mu 2014 ataunika mamiliyoni a maulendo omwe anthu anaonera mavidiyo a edX, malo ophunzirira pa intaneti, anapeza kuti chidwi chimatsika vidiyo ikadutsa mphindi 6, ndipo amenewo anali akuluakulu odzisankhira okha maphunziro, nde kwa ana ife tadula pakati.

Mawu ndi ofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Chithunzi chikhoza kukhala chosalongosoka ana nkutsatirabe, koma sipika ikamalira mosokosera akumbuyo amasiya kumvera pompo. Nyimbo zapansi tazichotsa nthawi yomwe munthu akufotokoza. Tachotsanso ziganizo zolembedwa pansi pa sikirini zobwereza zomwe zikunenedwa, chifukwa mwana amene akuwerengabe movutikira maso ake amathera pa zilembo nkuphonya zomwe zikuchitika pachithunzi. Timangolemba liwu limodzi lofunika pafupi ndi chinthu chomwe likutchula.

Vidiyo ya mwezi, apa nde pali nkhani

Iyi tinaipanga mosiyana kuyambira pachiyambi. Derek Muller, amene amadziwika ndi mavidiyo ake a sayansi a pa YouTube otchedwa Veritasium, pa maphunziro ake a PhD ku University of Sydney omwe anamaliza mu 2008 anapeza chinthu chomwe mphunzitsi aliyense ayenera kuchidziwa. Ophunzira a physics akaonera vidiyo yofotokoza momveka bwino bwino amati yamveka ndipo amadzidalira kwambiri, koma pa mayeso amabwereza maganizo olakwika omwe anali nawo kale. Vidiyo yomwe imayamba yatchula ganizo lolakwikalo nkulitsutsa amati ndi yosokoneza, koma ndi imene amaphunzirapo zambiri. Chifukwa chake nchoti munthu akamaona ngati akudziwa kale samvetsera, amangomva zomwe zikugwirizana ndi zomwe zili mmutu mwake.

Pa mwezi ganizo lofala kwa ana ndi kwa akuluakulu omwe ndi lakuti mbali yakudayo ndi mthunzi wa dziko lapansi, ena amati ndi mitambo yaphimba. Nde vidiyo yathu ikuyamba ndi tiana tiwiri ta katuni tikukangana, kena kakuti ndi mthunzi wa dziko, kena kakuti ndi mitambo, kenako sikirini imaima yokha pamabwera chizindikiro cha funso. Apa aphunzitsi amaimitsa, mwana aliyense amalemba mkope mwake kuti akugwirizana ndi ndani kapena ali ndi ganizo lina, kenako amakweza manja. Njira imeneyi yolosera kaye, kuona, kenako kufotokoza si yathu, Richard White ndi Richard Gunstone anailemba bwino mu 1992, ife tangoilowetsa mkati mwa katuni. Kusintha kwake mkalasi kumaoneka ndi maso. Mwana akalemba yankho lake amaonera mbali yotsatira atawerama kutsogolo, akufuna adziwe ngati walondola, pomwe pa vidiyo ya madzi yoyamba ija amaonera atatsamira kumbuyo.

Mwezi ndi mutu womwe katuni imathadi zomwe bolodi ndi choko sizingathe. Theka la mwezi limakhala lowala ndi dzuwa nthawi zonse, chomwe chimasintha ndi kuchuluka kwa theka lowalalo komwe ife tikuona pamene mwezi ukuzungulira dziko, ndipo kuchoka pa mwezi watsopano kufika pa wina watsopano pamatenga masiku pafupifupi 29 ndi theka. Kuti mwana amvetse ayenera kuona zinthu ziwiri nthawi imodzi, mmene zikuonekera uli kutali mmlengalenga ndi mmene zikuonekera uli pansi pano. Tagawa sikirini pawiri, kumanzere dzuwa, dziko ndi mwezi ukuyenda, kumanja mwezi mmene munthu wapansi akuuonera, ndipo timaima pamalo anayi osathamanga. Vuto la katuni ndi lakuti chithunzi chikadutsa chapita, mwana sangabwerere ngati mmene amachitira ndi buku, nde pamapeto timasiya zithunzi zinayi zija zili pamodzi pa sikirini kuti aziyerekeza.

Panatuluka funso lomwe linatipangitsa kuonjezera kachigawo kena. Mwana wina anati ngati mwezi wathunthu umakhala kuseri kwa dziko, bwanji dziko silikuutchinga ku dzuwa mwezi uliwonse. Funso lanzeru kwambiri, ndipo limabwera chifukwa zithunzi zambiri zimaika mwezi pafupi penipeni ndi dziko kuti zonse zikwane papepala. Zoona zake mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, mungandandalike maiko apansi pafupifupi 30 pakatipo, komanso njira yake ndi yopendekeka ndi madigiri 5, nde nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunzi wa dziko. Zikalunjikana ndi pomwe pamachitika kadamsana. Mnzathu wojambula anapanga kachigawo koti kamera imabwerera mmbuyo mpaka dziko likuoneka ngati kadontho ndipo mwezi uli kutali uko, ana anachita kufuula kuti eee kutali konseko.

Kenako tinatseka mawindo ndi nsalu, tochi imodzi yowala kwambiri kutsogolo ngati dzuwa, mwana aliyense wanyamula kampira koyera mmanja atatambasula mkono, mutu wake ndiwo dziko, nkumazungulira pangonopangono pamalo pomwepo. Amaona yekha mbali yowala ikukula nkuchepa pa kampirako. Mtsikana wina amene sayankhula kawirikawiri anazungulira kambirimbiri osafuna kupereka kampira kwa mnzake, kenako anauza madamu kuti akakweza kampira pamwamba pangono mutu wake sukutchinga, nchifukwa chake kadamsana sachitika mwezi uliwonse. Palibe anamuuza kuti ayese zimenezo.

Tawapatsanso ntchito yomajambula mwezi mkope usiku uliwonse womwe auona, ndi nthawi yake. Chenjezo kwa amene mukutenga mavidiyo a pa intaneti, onani kuti anapangidwira mbali iti ya dziko. Kumpoto kwa equator mwezi womwe ukukula umawala kumanja, kummwera umawala kumanzere, ndipo pafupi ndi equator kamwezi katsopano kamaoneka kogona chagada. Mwana akajambula zomwe waona kumwamba nkupeza kuti zikusiyana ndi za mu vidiyo amaganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo, ndipo palibe chopha chidwi msanga kuposa chimenecho.

Bokosi la sabata imeneyo linadzaza, ndipo kwa nthawi yoyamba mulu wa mafunso a chinthu chenicheni unaposa wa katuni. Bwanji mwezi umaoneka masana nthawi zina. Munthu ali pa mwezi amaona dziko likukula nkuchepa ngati mmene ife tionera mwezi? Yankho la limeneli ndi eya, ndipo madamu anathera nalo phunziro lonse.

Pakati pa teremu

Chisangalalo chongoona pulojekita chayamba kuzilala, ana sakuombanso mmanja tikamalowa, ndipo ine ndikuona kuti nzabwino chifukwa tsopano tikuona chidwi chomwe chatsala zachilendo zitatha. Kalasi ina mphunzitsi wake anatanganidwa, vidiyo ya mwezi inangoonetsedwa yonse osaimitsa, popanda tochi ndi timipira. Ana anasangalala ndithu koma bokosi lawo munali timapepala tochepa, ndipo atafunsidwa patapita sabata ambiri anabwerera ku mthunzi wa dziko uja. Vidiyo yomweyo, ana a msinkhu womwewo. Izi zatipangitsa kuona kuti chomwe tikupanga kwenikweni ndi phunziro lathunthu lomwe vidiyo ndi kagawo kake kakang'ono, nde pa vidiyo iliyonse tikulemba tsamba limodzi la aphunzitsi, loonetsa poimitsa, funso lofunsa pamenepo, mayankho olakwika omwe angayembekezere, ndi kachoyesa ka manja kogwiritsa zinthu zosavuta kupeza.

Aphunzitsi adandaula za nthawi, ndipo akunena zoona, vidiyo ya mphindi zitatu ikumadya phunziro lonse mukaonjeza zoimitsa ndi zoyesa, pomwe silabasi ikudikira. Yankho lathu ndi lakuti makatuni asalowe mutu uliwonse. Tim Höffler ndi Detlev Leutner mu 2007 ataphatikiza makafukufuku 26 anapeza kuti zithunzi zoyenda zimaposa zokhazikika pamlingo wapakatikati, ndipo phindu limakula pamene kuyendako kukuonetsa chinthu chenicheni chomwe chikuphunziridwa osati kukongoletsa chabe. Nde ziwalo za duwa sizifuna katuni, bweretsani duwa mkalasi ana alikhadzule. Katuni tiisungire zinthu zazing'ono kwambiri, zakutali kwambiri, zochedwa kwambiri kapena zobisika mkati.

Zomwe zili pa tebulo panopa

Ya magetsi nkhani yake yatha kulembedwa, ikudikira kujambula. Ganizo lomwe tikulimbana nalo ndi lakuti magetsi amatuluka mu batire nkukathera mu babu, nchifukwa chake ana ambiri ukawapatsa batire, babu ndi waya mmodzi amalumikiza mbali imodzi yokha nkumadabwa kuti siliyaka. Ena amaganiza kuti magetsi amachoka mbali zonse ziwiri za batire nkukagundana mu babu. Tagwirizana kuti apa tiyambe ndi manja, gulu lililonse liyese kuyatsa babu kaye, vidiyo ibwere pambuyo ali kale ndi njala yofuna kudziwa. Pojambula tikufuna timadontho toyenda tikhale tadzaza kale mu waya yense ndipo tiyambe kusuntha tonse nthawi imodzi njira yonse yozungulira ya magetsi ikalumikizidwa, kuchuluka kwake kukhale chimodzimodzi tisanalowe mu babu ndi titatuluka, chifukwa chomwe babu limatenga ndi mphamvu, timadonthoto timabwerera tonse ku batire.

Ya zomera tikufuna kuimanga pa nkhani ya Jan Baptist van Helmont wa zaka za mma 1600, amene anadzala kamtengo mumphika wa dothi loyezedwa kulemera nkumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo unalemera ndi makilogalamu oposa 70 pomwe dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Vidiyo idzaima pamenepo, ana alosere kuti kulemera konseko kwachokera kuti. Van Helmont anati ndi madzi okha, sanadziwe kuti masamba amatenga mpweya wa carbon dioxide, ndipo ndikufuna ana aone kuti munthu akhoza kuyeza mosamala kwambiri nkupezabe theka la yankho, kenako ena nkudzapitiriza.

Chinanso chomwe aphunzitsi apempha ndipo tavomera, ana azipanga makatuni awo. Tiyamba ndi timabuku tamapepala totembenuza mwachangu, gulu lililonse lijambule mwezi ukusintha tsamba ndi tsamba, chifukwa kuti ujambule tsamba lotsatira uyenera kudziwa chomwe chikubwera ndi chifukwa chake. Komwe kuli makompyuta adzayesa Scratch, pulogalamu yomwe ana amapangira makatuni. Kumapeto kwa teremu tidzafunsanso mafunso a madzi ndi a mwezi osawachenjeza, ndipo makope a mwezi tidzawatolera kuti tione amene anapitiriza kujambula ntchitoyo itasiya kufunsidwa. Amene muli ndi ana a msinkhu umenewu, afunseni kuti mbali yakuda ya mwezi imachokera kuti, mutilembere mayankho awo mmene anenera, tikuwafuna pokonza mkangano wa tiana ta katuni tija.